Ulendo Womwetsa Injini Mankhwala

Bambo anga, a Aulis Kinnunen, ndi munthu woti mutha kukhala naye m'boti kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka osamva mawu ake opitirira khumi. Pa khumipo, asanu amakhala akuuza injini, osati inu. Malemu mayi anga, a Raili, ankati anakwatiwa pamitala, wamkulu ndi injini, iwo wamng'ono. Ankanena moseka, koma ine ndikudziwa kuti tsiku lina anabisadi kiyi wa shedi m'chitini cha shuga.

Zaka makumi anayi bambo ananyamula makalata pa nyanja yathu ya Saimaa. Makalatawo linali dzina chabe. M'botimo munkakwera buledi, mkaka, mapiritsi a nkhalamba, magalasi a mawindo, anapiye m'katoni, ndipo kamodzi munakwera bokosi la maliro lomwe linakana kulowa mpaka analimanga chopingasa. Kuyambira padoko la kwa Terttu, mayi wa golosale, mpaka kwathu ku chilumba cha Honkasaari, miyala yonse yobisala m'madzi ankaidziwa mayina, ndipo ina anaitcha okha. Wina anautcha Apongozi, ati chifukwa suoneka mpaka utakugunda.

Ine Marjut, mwana wawo mmodzi yekhayo, ndinachokako ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ndinatopa ndi tsitsi lonunkha petulo. Ndimaphunzitsa masamu m'tauni, ku Savonlinna, ndipo tchuthi changa chonse cha nyengo yotentha ndinkakathera kwina kulikonse kopanda injini. Kuchilumba ndinkapitako masiku atatu, ndadya nsomba, ndalowa sauna, kanyumba kathu kosambiramo nthunzi, basi ndabwerera. Sindikunyadira ayi, ndikungonena momwe zinalili.

Maso a bambo anayamba kuvuta zaka zitatu zapitazo. Pakati pa diso panada bi, nkumangoona m'mbali mokha, moti kuti akuoneni ankapendeketsa mutu ngati nkhuku yoyang'ana kabawi. Madokotala anabaya majekeseni, anayesa izi ndi izo, kenako anangopukusa mitu. Eni akewo ankati palibe vuto, nyanja siifuna maso. Ndinkakuwa, iwo nkungoti phee. Kukangana ndi bambo anga kuli ngati kumenya pilo.

Mu Ogasiti chaka chathachi Terttu anandiimbira foni.

"Marjut, bwera msanga. Bambo ako agunda Apongozi."

Ndinawapeza atakhala pampando kuseri kwa kauntala, chipumi chitamatidwa bandeji, akumwa khofi ngati abwera kudzacheza. Pulopela inali itapindika ngati supuni ya mwana. Ndinapsa mtima koopsa, koma kunena zoona anali mantha. Sabata yomweyo tinatseka nyumba ya kuchilumba, ndinawatenga kukakhala nane m'tauni. Boti, litaikidwa pulopela ina, linatsala lomangidwa padoko.

Ndiye ndinachita chinthu ndili ndekha. Ndinapeza wogula, bambo wina wa ku Helsinki dzina lake Jarkko, yemwe ali ndi kanyumba kopumirako kutsidya kwa nyanja ndipo amagula zinthu kwa Terttu. Tinagwirizana kuti adzatenga boti ndi injini yomwe Loweruka loyamba la Novembala. Iye anati, "Petulo mukhuthule yense, ikhale youma. Ndikaiponya m'galaja, ndidzaiona chaka chamawa." Bambo sindinawauze. Ndinati ndidzawauza pakati pa chisanu, nyanja itaundana, kudandaula kulibenso ntchito. Popanda boti, ku Honkasaari sakanapondakonso, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo bwinobwino.

Kwathu Okutobala ndi mwezi wotulutsa maboti m'madzi. Injini imakagona m'shedi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo petulo wotsalira mkati amavunda nkusanduka phula lomata timabowo ta m'kabuleta. Ena amakhuthula, ena amathira mankhwala aja osungira petulo, aulesi amangosiya nkudzatukwana mu Meyi. Bambo anali ndi njira yawo imodzi chaka ndi chaka. Thanki ankaidzaza mpaka m'khosi kuti chinyezi chisapeze malo. Mankhwala ankayezera kakapu kodyera dzira, kabuluu, kobenthuka kukamwa, kamene anaba kukhitchini kwa mayi, tikapu tiwiri pa thanki. Kenako injini ilire mphindi khumi ndi zisanu. Anzawo ankailiritsa boti lili lomanga padoko, iwo akusuta. Bambo ayi, ankapita mpaka kuchilumba nkubwerera. Mayi ankautcha ulendo wokamwetsa mkazi wamkulu mankhwala, ndipo sanauphonyepo, ndi fulasiki yawo ndi mabanzi m'kansalu. Chimwalirireni mayi, zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, bambo ankapita okha.

Ndiye Loweruka lomaliza la Okutobala tinafika padoko. Kunkazizira kolowa m'mano, ndipo m'bango munali mutayamba kale kugwira ayezi wopyapyala. Ine ndinanyamula chigubu chopanda kanthu ndi kapaipi. Bambo ananyamula jumbo, ndipo anali atatuma kale mwamuna wa Terttu kudzaza thanki dzulo lake, ine osadziwa.

"Ababa, kukuzizira. Tingokhuthula petuloyu, tikokere boti kumtunda, tizipita."

"Kukhuthula?" Anapendeketsa mutu kuti andione. "Anakhuthulapo ndani pano?"

"Anthu ambiri amatero."

"Anthu ambiri amapalasa mu Meyi."

Anagwada m'boti, natulutsa botolo ndi kakapu kaja. Anaika chala pakamwa pa kakapu kuti amve mankhwala akafika, koma manja anali atazizidwa, ndipo anathira pambali. Anayesanso, nathiranso pambali, mankhwala akuyenderera m'mkono wa jekete. Munthu yemwe ankalowetsa kasikulu m'kabuleta boti likuvina pamafunde! Zinandipweteka mumtima, ndipo ine zikandipweteka ndimalusa.

"Bweretsani kuno musanaledzeretse nsomba zonse za m'nyanja muno."

Anandipatsa. Ndinayeza tikapu tiwiri, ndinathira, ndinatseka chivindikiro. Mumtima ndinati zilibe kanthu, Lachisanu ndidzabwera ndekha kudzakhuthula.

"Basi, yamwa. Tiyeni."

"Yamwa? Wathira m'thanki iwe. Ukadwala, mapiritsi ukawaika m'thumba la jekete umachira?"

"Aa, Ababa!"

"Afike m'mimba mwake. M'paipi, m'kabuleta, monse."

"Chabwino, tiilize pompano, boti lili lomanga."

"Yanga siimwera padoko."

Apa ndiye ndinaphulika. "Ndiye ayendetse ndani? Inuyo? Mukapatsenso moni Apongozi?"

Mawu atangotuluka ndinalakalaka nditawameza. Bambo anagwira chipsera cha pachipumi chija. Terttu, yemwe anali pakhomo la golosale akunamizira kusesa, analowa mkati.

"Uyendetsa iwe," anatero. "Ine ndikhala kutsogolo."

Zaka makumi awiri ndinali ndisanagwire chingwe cha injini. Ndinapopa kampira ka petulo mpaka kulimba, ndinakoka kachitsulo kotsekera mpweya, nkuyamba kukoka chingwe. Kamodzi, kawiri, kanayi, zii. Phewa linayamba kuwawa.

"Usakoke ngati ukukangana nayo. Koka pang'onopang'ono mpaka umve yagwira, ndiye ukoke kamodzi n'kamodzi."

Inalira. Utsi wabuluu unati tolo, fungo lomwe lija ndinalithawa, ndipo ndinadabwa kuti silinandinyanse.

Tinanyamuka. Bambo anakhala kutsogolo atandipatsa msana, dzanja limodzi pamphepete mwa boti. Titadutsa bango ndinasuzumira, ndipo ndinaona kuti atsinzina.

"Ababa, mwagona? Ine njira sindikuikumbuka!"

"Lunjika mphepo ikumenye tsaya la kumanja. Ukamva thanthwe la kumanzere layamba kuyankha injini, werenga mpaka makumi awiri, ukhotere kumanja."

Ndinati nkhalambayi itipha lero. Koma posakhalitsa ndinamvadi kulira kwa injini kukubwerera kuchokera kuthanthwe, ngati kuli boti lina likutiperekeza. Ndinawerenga mokweza ngati ana anga a m'kalasi, ndinakhota, ndipo nditayang'ana m'madzi kumanzere ndinaona chimsana chakuda cha Apongozi chikudutsa, pafupi moti nkhafi ikanachikhudza.

"Nanga ngati mumadziwa chonchi, munaugunda bwanji?"

"Ndinkayang'ana," anatero. "Ndikanatsinzina sindikanaugunda."

Ndinaseka, ngakhale sindinkafuna.

Tikuyandikira Honkasaari anakweza dzanja kuti ndichepetse moto, koma ndisazimitse. Anandifunsa zomwe ndikuona. Ndinawauza kuti masamba onse agwa, denga lili bwino, chitseko cha sauna n'chotseka, ndipo makwerero tinawaiwala panja atatsamira khoma. Anafunsa za tchire la zipatso lomwe mayi anabzala kuseri kwa chitsime. Ndinati lilipo, langotsala timitengo. Anagwedeza mutu, natsanulira khofi m'chivindikiro cha fulasiki mosataya ngakhale dontho, nandipatsira cham'mbuyo.

"Umadziwa chifukwa chake unabadwira pamatumba a mbatata?"

Nkhani imeneyo ndani saidziwa? Ndinabadwira m'chipinda chosungira katundu kugolosale, nthawi imeneyo ili ya amayi ake a Terttu, ndipo kusukulu ankanditcha Kambatata mpaka ndinamenya mnyamata wina ndi chikwama. Ndinati ndinafulumira kubwera, basi.

"Unafulumira, inde. Masabata atatu. Koma ukanabadwira kuchipatala."

Anayankhula atayang'anabe kutsogolo, ndipo ndinachita kuweramira kuti ndimve pamwamba pa injini. Sindinawamvepo akuyankhula motalika chonchija.

"Chaka chimenecho ndi pomwe mankhwalawa ndinayamba kuwagwiritsa. Anandipatsa ndi Onni, makaniko wakale uja, nandiuza kuti ndithire ndiilize. Ndinathira. Koma anzanga ankandidikira pagalimoto, tinkapita kosaka, akuliza hutala. Ndinati zathiridwa basi, zisakanikirana zokha. Injini ndinainyamula nkukaiika m'shedi."

Anamwa khofi pang'ono.

"Mu Meyi, nyanja itangosungunuka, mnzanga anandikokera boti kuchilumba ndi lake, injini ili m'kati, ndisanaiyese. Ndinati ndiiona mawa. Mawa lakelo m'mawa amayi ako anati nthawi yakwana. Ndinawanyamula mpaka m'boti. Ndinakoka chingwe. Ndinakoka mpaka zala zinang'ambika. M'thanki petulo anali bwinobwino, koma m'kabuleta munali phula lokhalokha."

"Ndiye munapalasa."

"Maola awiri, mphepo ikuchokera kutsogolo. Anagona pomwe waponda mapazi akopo. Anataya magazi ambiri. Ambulansi inafika iwe utabadwa kale, ndipo kuchipatala anati moyo wapulumuka, koma mwana wina sadzakhalanso. Unkafunsa uli wamng'ono chifukwa chake ulibe mng'ono wako. Ndi mphindi khumi ndi zisanu zimenezo."

Ndinayang'ana pansi pa boti, matabwa otuwa, chitini chokapira madzi.

"Amayi anakukhululukirani?"

"Sanandinenepo, ngakhale kamodzi. Kwa anthu ankati chinali chimphepo. Koma Okutobala wotsatira ndikuthira mankhwala, ndinangoona atsika ndi fulasiki, iwe uli m'bulangete, nakhala pakati apo, navula wotchi nkuiika pabondo." Mapewa awo anagwedezeka, ndipo ndinazindikira kuti akuseka. "Anthu ankati taonani chikondi, chaka chilichonse amaperekeza mwamuna wake. Sankandiperekeza amayi ako. Ankandilondera."

"Zaka zonsezo?"

"Zoyambirira zokha. Kenako wotchi ankaiiwala kunyumba, koma mabanzi sanaiwalepo."

Ndinakhotetsa boti. Pobwerera sitinayankhulane, kupatula pathanthwe paja pomwe anati werenga, ine nkuwerenga chamumtima. Misozi inkazizira m'masaya, ndipo ndinainamizira mphepo ngakhale panalibe wondifunsa.

Padoko ndinazimitsa injini, kunja kunangoti zii. Bambo anatenga kakapu kaja, nakapukuta ndi mpango mkati ndi kunja, nakakulunga, natambasula dzanja kumene ankaganiza kuti ndili. Anaphonya pang'ono, ndinachita kusuntha.

"Ukampatse bambo wa ku Helsinki uja. Tikapu tiwiri pa thanki yodzaza. Umuuze kuti asakhuthule, injini iyi ikagona youma timipira ta m'kati timang'aluka. Chaka chino tamuchitira kale, asavutike. Umuuzenso kuti m'mawa kukazizira imafuna kuipembedza pang'ono, asaipsere mtima."

Ndinakhala pathabwa.

"Wakuuzani ndani?"

"Terttu ali ndi pakamwa, ine ndili ndi makutu."

"Liti?"

"Mu Seputembala."

Mwezi wonse ndi theka! Munthu ndikudya naye tebulo limodzi, ndikumuwerengera nyuzipepala, ndikumunamiza kuti boti lili bwino padoko, iye akungoti eya, eya, zikomo mwanangu.

"Bwanji simunanene? Bwanji simunandikalipire? Ndi boti lanu!"

"Unali ndi mantha. Ndikanawonjezerapo chiyani? Sunalakwe, Marjut. Ndagunda mwala womwe ndinautcha dzina ndekha." Anasisita chivindikiro cha injini, chikadali chofunda. "Ndimangofuna ipite kwa eni ake atsopano ili bwino. Asadzakoke chingwe tsiku lomwe akuifunitsitsa nkukana."

Abale, ndinalira. Osati tija tamisozi ta pamphepo, koma kulira kwenikweni, kokhala ndi mamina, mayi wa zaka makumi anayi, mphunzitsi wa masamu, padoko poyera. Ndinawakonda bambo anga nthawi imeneyo kuposa tsiku lina lililonse, ndipo ndinachita manyazi kuti ndinafuna kuwabera nyanja mwakachetechete ngati wakuba nkhuku. Iwo anangondigwira bondo, nadikira kuti ndimalize, monga amadikirira mvula.

Ntchito tinaimaliza, chifukwa kwa a Kinnunen kulira sikuimitsa ntchito. Ndinamasula mapulagi nkudontheza oyilo m'mabowo, iwo akundiuza madontho angati. Oyilo wa kumunsi tinakhuthula nkuthira watsopano. Injini tinaiimika chilili m'shedi kuti madzi onse atsike, asadzaundane m'kati nkuiswa. Boti tinalikoka ndi mwamuna wa Terttu nkulivundikira chafufumimba pamitengo. Kenako ndinalowa m'golosale.

"Terttu, pakamwa panupo padzakuphetsani."

"Ndiphe, mwana wanga, koma uyambe wapukuta mphuno," anatero, akundipatsa kapepala. "Unabadwira kuseri uko, ndinakuona usanavale kanthu. Umati ndingamubisire Aulis?"

Jarkko ndinamuimbira ndili pomwepo. Ndinapepesa, ndinati boti silikugulitsidwanso. Anadandaula kuti wabwereka kale ngolo yokokera. Ndinapepesanso kachiwiri, kachitatu sindinapepese.

M'galimoto ndinaika kakapu kaja m'chikwama changa, ndinawauza bambo malamulo. Kuyendetsa boti okha, ayi, mpaka kalekale. Kugona kuchilumba okha, ayi. Koma sukulu ikatsekera tidzapita tonse, mpaka idzatsegulire, ndipo Loweruka lililonse nyanja ikakhala yotseguka. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Nanga maulendo ako aja a kotentha?"

"Zisakukhudzeni."

"Uphika ndiwe?"

"Eya."

"Mayo ine," anatero.

Chisanu chinali chachitali. Maso anapitirira kuipa, moti pofika Febuluwale ankangosiyanitsa windo ndi khoma. Mu Malichi anadwala chifuwa, anagona kuchipatala masiku asanu ndi anayi, ndipo panali masiku awiri omwe ndinkaganiza kuti petulo uja tinamusungira chabe. Atatsitsimuka, chinthu choyamba kufunsa chinali chakuti ayezi wafika pati. Tsiku lililonse ndinkaimbira Terttu, iye nkusuzumira pawindo nkundiuza. Wayamba kuda. Wang'aluka pakati. Watsala m'bango mokha.

Loweruka lachiwiri la Meyi tinafika padoko. Bambo anali ataonda, jekete likulendewera, akuyenda atandigwira chigongono. Mwamuna wa Terttu anali atatsitsa kale boti, koma injini bambo anakaniza kuti wina asaikhudze. Ndinainyamula ndekha kuchokera m'shedi, ndinaimanga, ndinalumikiza paipi. Ndinawakhazika kutsogolo, fulasiki ndi mabanzi pamiyendo pawo. Terttu anatuluka ndi tsache lake, ndipo ulendo uno sananamizire n'komwe kusesa.

Mankhwala ndinayeza ndine, ulendo ndinayendetsa ndine, ndipo ikanakana ndikanadziwa wolakwa. Ndinapopa kampira. Ndinakoka pang'onopang'ono mpaka ndinamva yagwira, ndiye ndinakoka. Zii. Kachiwiri inatsokomola nkusiya. Bambo sanatembenuke, koma ndinaona zala zawo zitafinya mphepete mwa boti mpaka kuyera.

"Chonde, mayi wamkulu," ndinanong'ona, "musandichititse manyazi."

Kachitatu inalira, utsi uli tolo, madzi akuthovoka kumbuyo. Terttu anakuwa, akugwedeza tsache m'mwamba. Bambo anapukuta kumaso ndi chikhatho, kawiri, nakonza chipewa.

"Katatu," anatero. "Kwa ine imalira kachiwiri."

"Khalani chete, Ababa, mungagwe."

Ndinamasula chingwe, tinadutsa bango. Mphepo inandimenya tsaya la kumanja. Bambo anaika dzanja pamalo pake, anatsamira pang'ono kutsogolo, nkhope ili kuchilumba komwe sankakuona. Thanthwe litayamba kuyankha anatsegula pakamwa kuti andiuze, koma anandimva ndili kale pa zisanu ndi chimodzi, ndiye anangotsegula fulasiki.